Belu la ku Tolliver

Uthenga wa achimwene anga a Nickson unafika ndikuyanika usipa pathandala. Ndinaumvera kawiri, foni nditaikanikiza kukhutu kuti Adada, omwe ankasoka ukonde pansi pa mlambe, asamve mawu awo.

"Tione, Loweruka likubwerali ndi masewero anga omaliza pabwalo la koleji yathu. Timu ikukwanitsanso zaka zana. Ife omaliza sukulu timalowa m'bwalo titagwirana manja ndi makolo, ndipo amene makolo ake ali kutali, mawu awo amawaulutsa anthu onse akumva. Uwapemphe Adada anene kena kake. Ngakhale dzina langa lokha. Akakana usandibisire. Ndidziwiretu, kuti sukulu ikatha ndisavutike n'kubwerera."

A Nickson anapita ku Amereka chifukwa cha mwendo wawo wamanzere. Ali kusekondale ankamenya mpira kuchokera pakati pa bwalo n'kukaugwetsa kuseri kwa golo, ndipo mphunzitsi wina wobwera anawajambula n'kutumiza kanemayo kwawo. Koleji ya Tolliver inawatenga. Mpira wa kumeneko si wathu uno. Ndi wosongoka uku ndi uku ngati chipatso cha mlambe, amathamanga nawo m'manja, ndipo osewera amagundana atavala zisoti zolimba. Ntchito ya achimwene ndi imodzi yokha. Amadikira kunja kwa bwalo, zikathina amawaitana, iwo n'kumenya mpirawo kuti udutse pakati pa mitengo iwiri italiitali.

Amama anamwalira chaka chatha mu Okutobala, masewero ali mkati. A Nickson sanabwere kumaliro. Kuyambira pamenepo Adada sanawalankhulenso. Foni ikalira n'kuona kuti ndikuwayang'ana, ankanyamuka n'kulowera kunyanja, ngakhale kulibe chokachita.

Ndinatunga madzi akumwa m'kapu yachitsulo kuti ndipeze poyambira. Mawu ndinali nditawakonza bwinobwino, koma nditagwada pafupi ndi ukondewo anandithawa.

"Adada, achimwene atumiza mawu."

Dzanja lawo silinaime. Anamanga mfundo, n'kudula ulusi ndi mano.

"Usipa uja wautembenuza?"

"Eya. Akuti Loweruka ndi tsiku lawo lomaliza kusewera. Akupempha kuti munene kena kake, kangakhale kakang'ono."

Anamwa madziwo, otsala anathira pansi, n'kundibwezera kapu.

"Dzuwa lalero silikufuna ulesi," anatero. "Uuone usipawo usapse mbali imodzi."

Ndinabwerera kuthandala. Ndinayamba kulembera achimwene kuti Adada akuganizabe, kenako ndinafufuta.

Azakhali a Millicent, mlongo wawo wa Adada amene anabwera kudzakhala nafe maliro atatha, anali kuseri kwa nyumba akuvuula chinangwa m'mitsuko. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Nkhope imeneyo ngati wameza munga wa nsomba. Lavula."

Ndinawauza zonse. Ndinatinso mwina achimwene akanapepesa bwino chifukwa chosabwera kumaliro, zinthu zikanaphweka.

Azakhali anaseka mosakondwa, n'kupukuta manja pachitenje.

"Iwe, ukuganiza kuti atate ako a Basil anakwiya chifukwa mwana sanabwere? Amuna a pachilumba pano anayamba liti kufika pamaliro? Agogo ako aamuna tinawaika atate akowo ali ku Joni. Uthenga unawapeza pamanda patamera kale udzu. Za mtunda amazidziwa kuposa aliyense."

"Nanga n'chiyani?"

"Chithunzi."

"Chithunzi chanji?"

"Funsa Mclean wotchaja mafoni uja, wakamwa ngati khomo la msika. Sabata lomwelo la maliro, n'kumeta komwe tisanamete, anabwera pano akuthamanga. Akuti taonani mwana wanu watchuka. Atate ako kuyang'ana, ndi Nickson ali pa chingwe cha belu, pakamwa yasa, anzake akuvina momuzungulira. Amake ali m'dothi lofewa, iye akuliza belu lachisangalalo."

Ndinakhala pansi pamwala. Adada ndi amene amaliza belu la tchalitchi chathu chaching'ono cha ku Khuyu kuyambira pomwe anabwerako ku Joni. Kwathu wa m'nyumba ya maliro sagwira chingwe cha belu mpaka chisoni chitatha. Amama atamwalira, Adada anapereka chingwecho kwa munthu wina ndipo anakhala miyezi osachikhudza. A Nickson ankalidziwa lamulo limenelo. Anawaphunzitsa ndi Adada omwewo.

"Bwanji sanandiuze?" ndinafunsa.

"Akuuze ndani? Atate ako? Nyumba ino anthu mumalankhula ndi misana. Ndikanakhala ine ndikanamuimbira tsiku lomwelo n'kumutukwana mpaka foni itatentha, zikanatha kalekale."

M'mawa mwake ndinanyamuka kupita ku Chipyela, komwe Mclean amatchajira mafoni. Kunali kotentha, mvula isanayambe, ndipo mchenga unkalowa m'nsapato. Njira yonse ndinkadzifunsa ngati ndikufunadi kuchiona chithunzicho. Achimwene amene ndimawadziwa ine ankadzuka mamawa kukatungira Amama madzi asanapite kusukulu. Koma munthu akakhala kutali zaka zambiri, amene watsala kuno sadziwa chomwe chatsala mwa iye.

Mclean anali pakhomo pa kanyumba kake kotchajira mafoni, akudya mango.

"Asisteri afika!" anakuwa. Amanditcha choncho chifukwa sindilankhula kawirikawiri. "Lero mulankhula, kapena tingoyang'anana mpaka sitima ibwere?"

"Ndikufuna chithunzi chija munawaonetsa Adada."

Anasiya kutafuna.

"Aaa, chimene chija. Ine ndinkati ndiwasangalatse madala, pamtima paphwe pang'ono. Mpaka lero akandiona panjira amayang'ana mbuzi."

Anachipeza m'foni mwake. Zinali monga ananenera Azakhali. Achimwene anali atavula chisoti, manja onse awiri ali pa chingwe, pakamwa potsegula. Kumbuyo kwawo anyamata akuluakulu ovala zobiriwira anali m'mwamba, miyendo itachoka pansi. Ndinachikulitsa ndi zala mpaka nkhope inasanduka timabokosi. Sindinathe kudziwa ngati ankaseka kapena ayi.

Pamenepo ndinakumbukira kuti mwezi wathawu achimwene ananditumizira kanema wa mbiri ya timu yawo, wokonzera chikondwerero cha zaka zana. Sindinamutsegule chifukwa netiweki ya kwathu imangozungulira. Mclean anamukopera pamakina ake, n'kundibwereka zomvera za m'khutu zomwe zinkagwira mbali imodzi. Ndinakhala pabenchi kuseri kwa kanyumbako.

Amene ankafotokoza anali mayi wokalamba wa tsitsi loyera. Chingerezi chake chinali chokoka, moti ndinkadalira mawu olembedwa pansi. Anati kolejiyo anaiyambitsa ndi anthu omwe anali akapolo, atangomasulidwa, chifukwa makoleji a azungu sankalandira ana awo. Timu yoyamba inalibe zovala. Atsikana a pakolejipo anasoka malaya ndi nsalu za matumba n'kuikamo thonje m'mapewa. Panali chithunzi chawo, anyamata owonda ataima pamzere, mmodzi atavala nsapato zosiyana.

Popita kukasewera kutali ankakwera lole. Malo ogona alendo ankawakana chifukwa cha khungu, ndiye ankagona pamabenchi a m'matchalitchi a anthu akuda, amayi a mumpingo n'kuwaphikira. Magulu a azungu ankakana kukumana nawo, choncho ankasewera ndi makoleji anzawo a anthu akuda okhaokha. Panali nyengo zitatu zotsatizana zomwe sanagonje ngakhale kamodzi, koma nyuzipepala za m'tauni yawo yomwe sizinalembe kanthu. Anaonetsa zikho zodzaza kabati. Anaonetsa mphunzitsi wina amene anatsogolera timuyo mpaka kukalamba, yemwe ankati mwana wolephera m'kalasi asaponde bwalo. Anaonetsa tsiku lomwe koleji yaikulu ya azungu inavomera kusewera nawo koyamba, n'kugonja pakwawo. Anatchula osewera awo amene anadzatchuka m'dziko lonselo, ndi ena ambiri amene anadzakhala aphunzitsi ndi madokotala.

Ndinkaonera, koma mtima unali kwina. Dzuwa linkakwera ndipo ndinali ndisanapeze choti ndipite nacho kunyumba.

Kenako mayiyo anayamba kunena za belu. Anati kale linali pamunda wa thonje, ndipo linkadzutsa akapolo kusanache. Ufulu utabwera, anthuwo analitsitsa n'kulinyamula okha mpaka pakolejipo. Tsopano limalira timu ikapambana basi. Amene wapambanitsa timu ndiye amagwira chingwe, ndipo amaliliza mofulumira, mwaphokoso, kuti tauni yonse imve.

"Kupatula tsiku limodzi," anatero mayiyo.

Ndinawaona achimwene. Anamenya mpira, unadutsa pakati pa mitengo ija, bwalo lonse linaimirira. Anzawo anawanyamula mpaka pabelu. Anavula chisoti, n'kugwira chingwe. Apo ndi pomwe chithunzi cha Mclean chinajambulidwa. Koma kanema sanaime. Achimwene anakoka mpweya, n'kukoka chingwe kawiri. Anadikira. Anakokanso kawiri, n'kudikira. Kawirinso. Kenako kamodzi, n'kusiya kulirako kuzilala mpaka kutheratu, milomo yawo ikuyenda. Kenako kamodzinso.

Kwathu belu likalira kawiri, kawiri, kawirinso, ndiye kuti wamwalira ndi mayi. Akakhala bambo limalira katatukatatu. Zikatero limapita kamodzikamodzi, ndipo pakati pake wolizayo amanena chamumtima kuti Ambuye chitirani chifundo.

Mu kanemamo anyamata ovina aja anayamba kuima mmodzimmodzi. Wina wamkulu ngati chitseko anayang'ana anzake, n'kuvula chisoti. Oimba malipenga anatsitsa malipenga awo. Mayi uja anati palibe amene ankadziwa tanthauzo lake tsikulo, koma palibenso amene anafunsa. Anangoima mpaka mnyamata wa ku Malawi atasiya chingwe.

"Asisteri, mwalira?" anatero Mclean atasuzumira. "Agonja?"

"Mundiikire kachigawo aka m'foni."

Pobwerera ndinkayenda mofulumira, kenako ndinayamba kuchedwa. Adada sakanavomera kuyang'ana foni. Ndikanati ndiyambe kufotokoza, akanandifunsa za usipa ndisanafike pakati. Njira inali imodzi yokha, ndipo inkandiopsa. Belu la maliro saliyesera. Adada amati ukaliliza popanda maliro, ukuitana. Pophunzitsa achimwene sankalola kuti akhudze belu lenileni. Ankakhala pagombe, Adada n'kumagogoda ndi chala m'mbali mwa bwato, achimwene n'kumatsatira, ine ndili chapatali ndikumvetsera. Tsiku lina a Nickson ali mwana anayesera pa khasu lakutha kuseri kwa nyumba, ndipo anagona ndi njala.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Adada anali pomwe paja pansi pa mlambe, nsana atalozetsa kunyumba. Azakhali ankasinja chinangwa chouma. Ndinalowa m'khitchini, ndinatuluka, ndinalowanso. Ndinaganiza zodikira mawa. Koma mawa linali Lachisanu, ndipo ndimadzidziwa: ndikadikira kamodzi ndimadikira mpaka kalekale.

Ndinaima kuseri kwa thandala, ndinakweza mawu a foni mpaka pamapeto, ndipo ndinadina.

Pafoni belulo linamveka laling'ono, lopyapyala, ngati likuchokera kutsidya kwa phiri mphepo italibweretsa. Kawiri. Dzanja la Adada linaima m'mwamba ndi ulusi. Kawirinso. Anaika ukonde pansi. Pomwe linkalira kachitatu anali ataimirira, chipewa chili m'manja. Musi wa Azakhali unasiya kugunda.

"Millicent," anatero Adada motsitsa, "ndi mayi. Wamva kuti kukudwala ndani? Si la kwathu limeneli. Kapena ndi la ku Mbungo?"

Anatembenuza mutu kufunafuna komwe mphepo ikuchokera, ndipo maso awo anandipeza ine ndi foni m'manja.

Sindinawaonepo nkhope yotero. Anabwera molunjika, osathamanga.

"Tione. Ukusewera ndi belu la maliro pakhomo panga? Sanakukwanire amako?"

Ndinkafuna kuzimitsa, koma chala sichinayende. Belu linalira kamodzi pakati pathu.

"Si ine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri, ndiye ndinabwereza. "Si ine, Adada. Ndi achimwene. Ndi tsiku lija la chithunzi."

Ndinatambasula dzanja. Sanailandire foniyo, koma sanachokenso. Anayang'ana. Dzuwa linkawala pagalasi, ndiye anaphimba ndi chipewa chawo n'kuwerama. Anaona mwana wawo pa chingwe, milomo ikuyenda. Anaona anyamata achilendo aja akuvula zisoti. Azakhali anabwera kudzaima kumbuyo kwawo, manja oyera ndi ufa ali pakamwa.

Kachigawoko kanatha.

"Bwezera," anatero Adada.

Ndinabwezera. Ulendo uno sanayang'ane. Anatseka maso, chala chawo chikugogoda pamtengo wa thandala pamodzi ndi belulo. Pena chala chinkatsalira pang'ono, belu litalira kale.

"Akuthamanga," anatero. "Sakumaliza pemphero. Ndinkamuuza pabwato paja kuti dikira lizilale."

"Aka kanali koyamba kuliza pa belu lenileni," anatero Azakhali. "Nawenso Basil, mwana analira amake pamaso pa mtundu wonse wa anthu, iwe ukuwerenga zolakwa?"

Adada anafunsa kuti belulo ndi la tchalitchi chanji. Ndinawauza zomwe mayi uja ananena, za munda wa thonje, za akapolo amene analinyamula, ndi kuti zaka zonsezi limalira pa chipambano pokha. Ndinalankhula nthawi yaitali kuposa kale lonse pamaso pawo, ndipo sanandidule.

"Ndiye anawabwereka belu lawo lachisangalalo," anatero. "Iwo osamuletsa."

"Sanawaletse."

Anabwerera pansi pa mlambe n'kukhala. Anatola ukonde, anaupenya, anauikanso pansi. Ine ndinangoima pomwepo. Ndinkaopa kuti ndikapempha tsopano ndiwononga, ndikapanda kupempha dzuwa lilowa.

"Chinthu chakocho," anatero osandiyang'ana, "amalankhulira pati?"

Ndinagwada pambali pawo n'kudina pojambulira mawu. Anakhosomola. Kenako anawerama pafupi ndi foniyo.

"Nickson. Ndine atate ako, Basil, kuno ku Khuyu. Belu lija ndalimva lero. Lachedwa panjira, koma lafika." Anaima, n'kupukuta pakamwa ndi chipewa. "Dzanja lako likuthamanga. Ukabwera tidzapita kaye kwa amako, kenako ndidzakuonetsanso. Loweruka umenye bwino chinthu chakocho. Basi."

Ndinasiya kudina.

"Adada, mawuwa akaulutsidwa m'bwalo. Anthu a kumeneko samva chinenero chathu. Mwina munenepo moni wa onse?"

"Si paja anaima belu likulira mwa kwathu, osamva tanthauzo lake?" anatero Azakhali. "Aimanso chomwecho."

"Woti amve amva," anatero Adada, n'kutola ulusi.

Pakhomo pathu netiweki ndi yofooka, uthenga wa mawu umafika koma suchoka. Ndinathamanga kukwera kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi, pamwala pomwe anthu amaimirira akafuna netiweki. Ndinakweza foni m'mwamba. Kachizindikiro kanazungulira, kanaima, kanayambanso. Ndinasinthira dzanja lina. Ndinaganiza kuti ukakana ndipita ku Chipyela ngakhale kude. Kenako unapita.

Sindinatsike. Ndinakhala pamwalapo, wotenthabe ndi dzuwa, ndikuyang'ana foni. Patapita kanthawi inaonetsa kuti amvera. Inaonetsa kuti akulemba, n'kusiya. Akulembanso, n'kusiyanso. Ndinaluma chala. Mwina unali utachedwa. Mwina chaka chathunthu cha kukhala chete sichitha ndi mawu ochepa chonchi, ena mwa iwo odzudzula.

Foni inalira. Sunali uthenga, ankaimba.

"Tione." Mawu awo anali osasa. "Ali pafupi?"

"Ndili pamwala. Ali kunyumba."

"Uwauze kuti manja ankanjenjemera. N'chifukwa chake ndinkathamanga." Anapuma mwamphamvu. "Ayi, usawauze. Ndiwauza ndekha. Ungawabweretse pamwalapo?"

Ndinayang'ana kumunsi. Sindinafunike kutsika. Adada anali kale panjira yokwera, chipewa chili kumutu, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene akungopita kukaona chingwe cha belu.